Alendo Atatu a Mzime

Amene amati zoterezi zimangochitika kopanda magetsi akafunse mtsikana uja ankaphunzira unamwino, yemwe ankagona chipinda chimodzi ndi Mzime pa yunivesite ina kunja. Ndi iyeyo anandiuza nkhaniyi, ndipo si munthu wokonda kukometsera zinthu. Bambo ake a Mzime nawonso ndinawafunsa. Sanavomere, komanso sanakane, anangoyang'ana pansi.

Mzime linali dzina lakunyumba, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Anali atakhala kunjako zaka osapita kwawo, ndipo chimene ankalakalaka sichinali china ayi, koma kuti mayi ake adzaone kumene amakhala. Mayiwo anali atalonjeza kuti mayeso akadzatha adzabwera ndi bambo, ngakhale mwendo wawo wakumanzere unali wovuta, wochita kuukoka poyenda. Mzime anachapa makatani, anabwereka matiresi kwa anzake, mpaka anamutopetsa woyang'anira nyumba imene ankagonamo kuti akonzetse chikepe chomwe chinkangofaifa, kuti amayi asadzavutike ndi masitepe.

Tsiku lofika, pabwalo la ndege panatuluka bambo ndi azakhali. Amayi panalibe.

Azakhaliwo anali munthu woyankha funso lisanathe. Anati mwendo uja wavuta dzulodzuloli, adokotala aletsa ulendo. Mzime anati basi tiwaimbire pompano. Azakhali anati iwe, kunyumba anthu agona kale, komanso mayi akowo pakhosi pawatsekera, ungowalembera uthenga monga wakhala ukuchitira. Zinalidi choncho. Kwa miyezi ndithu mayi ake ankangoyankha polemba, timawu tiwiri titatu, limbikira sukulu mwanangu, kwatha. Zinamupweteka Mzime, koma anameza. Apo nkuti bambo ake akungofinya chipewa m'manja.

Atafika pa nyumba yogona ophunzira, onse analowa, koma bambo anatsala atagwira chitseko, mphepo yozizira ikulowa, iwo akuyang'ana kumbuyo kopanda munthu. Pa chikepe anachitanso chimodzimodzi, kutchinga chitseko ndi dzanja mpaka chinayamba kulira. Moyo wawo wonse ankatero, kudikira mkazi wawo kuti afike ndi mwendo wakewo. Mzime anawaseka kuti mwawasowa kale amayi, mwangochoka dzulo. Bambo sanaseke. Azakhali anawakoka malaya.

"Achimwene, tasiyani chitsekocho," anatero chamumtima, mano ali olumana.

M'mawa mwake woyang'anira nyumba anamuimika Mzime pa masitepe. Anati lamulo ndi alendo awiri basi, nanga wachitatuyo amulemba pati? Anadandaulanso kuti anavutika kukonzetsa chikepe, koma mayi wachikulireyo akungokwerabe masitepe, phazi limodzi kuponda, linalo kukwekweza. Mzime anati alendo anga ndi awiri, bambo. Mkuluyo anamuyang'ana ngati mmene amayang'anira ophunzira obisa anzawo m'zipinda, nkupukusa mutu.

Kenako fungo. Namwino uja anafunsa kuti ndani akupaka mankhwala otentha aja opaka m'miyendo, chifukwa chipinda chonse chinali chitadzaza. Azakhali anathamangira kutsegula zenera, kunja kukuzizira koopsa. Bambo anaika supuni pansi, osadyanso. Mzime ananunkhiza uku ndi uku, ananunkhiza pilo, ananunkhiza masutikesi. Iye sanamve kanthu.

Apa mtima wake unayamba kukana. Anabisala m'bafa nkuyesa kuimba foni ya mayi ake, inali yozima. Anaimbira achimwene ake aakulu, iwo anangomuseka kuti Mzime ukadali kulirira bere pa msinkhu wakowo, nkudula msanga. Aliyense anali ndi yankho lokonzeratu, ndipo chimenecho ndi chimene chinkamuopsa.

Tsiku lina masana anawatenga alendo ake kukaona masitolo. Inali nyengo ija kumada msanga, moti pobwerera nkuti magetsi a mumsewu atayaka kale ngakhale anthu anali asanaweruke. Anapeza namwino ataima panja pa chipinda, wopanda nsapato, yunifolomu ikadali m'thupi. Anakana kulowa.

Anati atachokera kuchipatala anapeza mayi atakhala pa bedi la Mzime, atafulatira chitseko. Mwendo wakumanzere anautambasula. Anali akuyendetsa chala pa mabuku a pa shelefu, limodzi limodzi. Namwino anawapatsa moni. Mayiwo sanatembenuke. Anangonena mawu awiri, mofatsa. Namwino atatembenuka kuti apachike chikwama, pa bedi panalibenso munthu, koma bulangete linali lobooka pakati ngati pomwe wina wangodzuka.

Mtsikanayo sadziwa ngakhale liwu limodzi la chinenero cha kwawo kwa Mzime. Koma anabwereza mawuwo monga anawamvera, lilime likumulemera.

"Anasankha mabuku."

Jumbo imene bambo ananyamula inagwa pansi.

Analowa onse. Palibe anakhala pa bedi lija. Mzime anatseka chitseko nkuchitsamira, nkuwayang'ana bambo ake okha, poti anadziwa kuti azakhali akangoyamba, choonadi chisowa polowera.

"Amayi ali kuti?"

"Tinaika, mwana wanga," anatero bambo. "Usanayambe mayeso."

Azakhali anayamba kuthamangitsa mawu. Anati tinachitira iwe. Anati banja lonse linakhala pansi nkugwirizana kuti mwanayu asauzidwe, angakwere ndege nkutaya zaka zonse anavutikirazi. Anati ulendo unonso tabwerera zomwezo, nkhani yotere sanenera pa foni, kungoti tsiku lililonse timati tikuuza mawa. Onse ankadziwa. Achimwene aja ankamutumizira nthabwala ankadziwa, alamu ake ankadziwa, ngakhale ana aang'ono anaphunzitsidwa choyankha. Foni ya malemu inali m'chikwama cha azakhali momwemo. Limbikira sukulu mwanangu zinali zala zawo.

Mzime sanalire. Ndikanakonda akanalira, chifukwa chimene anafunsa chinali choipa kuposa misozi. Anafunsa ngati mayi ake anamuitanako asanapite. Bambo anati tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo.

"Ndiye munkawauza chiyani?"

Paipi yotenthetsa chipinda inkagogoda pang'onopang'ono. Azakhali anayang'ana zenera.

"Tinawauza kuti takuuza," anatero. "Kuti wati ubwera mayeso akatha."

Anati sakanachitira mwina. Mayiwo akanadziwa kuti mwana wawo akubisiridwa, akanamuimbira okha, nchifukwa chake anawalanda foni. Ndiye mayi uja anagona pa bedi la chipatala akudziwa kuti mzime wake wamva kuti akufa, koma wati kaye ndilembe mayeso. Anapita ndi zimenezo. Anthu awa, pofuna kusunga digiri, anamunamizira mwana kwa mayi ake, bodza lopanda kobwezera. Ine zimenezi sinditcha chikondi, ngakhale atandikakamiza.

Mwadzidzidzi bambo anadzutsa mutu. Namwino anagwira dzanja la Mzime. Azakhali anatseka pakamwa ndi mpango. Onse atatu ankamvetsera chinthu chimodzi, kuseri kwa chitseko.

"Ndi iwo," bambo ananong'ona. "Akupita."

Mzime anatchera khutu. Anangomva paipi ija.

Anatsegula chitseko. Magetsi a mu khonde la m'katimo ndi aja oyaka okha munthu akamadutsa pansi pake. Khonde linali lamdima, kupatula babu limodzi, patsogolo pang'ono. Pansi pake panalibe munthu. Linazima. Linayaka lotsatira. Mochedwa. Monga amayendera munthu wokoka mwendo.

Mzime anafuna kuthamanga, koma anadziwa kuti akangoponda, magetsi onse ayaka, sadziwanso pamene ali. Anaima pakhomo.

"Amayi," anatero. "Sanandiuze."

Babu lija silinazime. Nthawi yake yozima inakwana, inapitirira, ilo lili chiyakire.

"Ayima," anatero bambo.

"Amayi, ndikanabwera. Sanandiuze."

Kutali, chikepe chinatseguka chokha nkutsekekanso. Babu linazima. Mdima. Kenako linayaka lina, la kutsogolo. Kenako la pafupi ndi masitepe. Chitseko cha masitepe chinalira pang'ono.

Bambo ndi azakhali anabwerera kwawo sabata isanathe. Mzime anawaitanira takisi, koma sanawaperekeze. Zotsatira za mayeso zitatuluka, anali atakhoza bwino kuposa anzake onse, ndipo abale anamutumizira mauthenga oyamikira, ena mpaka kunena kuti waona, tinachita bwino. Sanayankhe ngakhale umodzi.

Chipindacho anakana kusamukamo. Ophunzira a pa khondelo ankadandaulabe kuti madzulo kumamveka wina akukwekweza phazi, ndipo woyang'anira nyumba anasiya kukwera yekha kumeneko. Namwino akuti anawaonanso mayiwo kangapo, nthawi zonse pa bedi lomwelo, nthawi zonse atafulatira. Mzime yekha ndi amene sanawaonepo, sanawamvepo, ngakhale fungo la mankhwala aja. Mabuku onse anawachotsa pa shelefu nkuwatsekera m'katoni, koma sizinathandize.

Ankati akabwera kuchokera ku kalasi, asanavule jekete, ankamufunsa mnzakeyo funso limodzi.

"Lero anatembenuka?"

Namwino akuti masiku ena lilime linkamuyabwa kuti angoti inde, kuti mnzakeyo agone. Koma anthu omunamiza pomumvera chisoni Mzime anali nawo kale okwanira. Ndiye ankangopukusa mutu.