Funso la Mlatho Linafera pa Mpando wa Bestone

Pakhomo pa a Feston Lungu ndi akazi awo anyaShaba, chakum'mwera kwa Embangweni, panali pakhomo pa ulemu. Bambowo anali mkulu wa mpingo, mayiwo wa Umanyano, gulu la amayi a mumpingo, ndipo ana asanu onse anaphunzira ndi fodya wa m'munda. Womaliza, Bestone, ndiye anali wanzeru kuposa onse, koma anali ndi kachilema kamodzi. Ntchito ankaigwira ndi pakamwa. Akamutuma kukapalira, mumamupeza pansi pa mango akufotokozera anzake mmene udzu umamerera.

Pakamwa pomwepo ndi pamene panamulowetsa m'Nyumba ya Malamulo yapita ija. Anaima payekha ali ndi zaka makumi atatu, n'kugwetsa madoda awiri a zipani. Ife tinavina mpaka zitenje kumasuka.

Sitinamutume zambiri. Tinamutuma mlatho wa pa Kabwanda. Mtsinje umenewu ukadzaza m'dzinja, midzi ya tsidya imatsekeka, ndipo mayi woyembekezera sangafike kuchipatala pokhapokha madzi atamumvera chisoni.

A Chikomeni, aphunzitsi opuma, ndi amene anatiphunzitsa njira yake. Anati phungu amapereka funso lolembedwa kwa nduna, funsolo limaima pamzere, ndipo poti aphungu anali 193, limatha kudikira miyezi ngakhale zaka. Tsiku lake likafika, Sipikala amaitana mwini funso, iye amaimirira, nduna n'kuyankha dziko lonse likumva. Nduna ikalonjeza pamenepo ndiye kuti mwapeza pogwira. Koma mwini wake akasowa pampando, funso limadumphidwa. A Chikomeni analilemba okha m'Chingerezi chawo chakale chija, Bestone analandira ndi manja awiri.

Tsiku lonyamuka, a Feston anamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wane, kumeneko sukupita kukakhala bwana. Ukupita kukakhala pampando. Mpando umenewo ndi wa anthu, iwe wangobwereka. Usausiye wokha."

"Yewo adada, ndamva," anatero Bestone, maso ali pa galimoto.

Chaka choyamba anayesetsa, tisamunamizire. Tinamumva pa wailesi kawiri. Kenako anakumana ndi a Matthews, munthu amene anakhalako phungu kalekale, masiku ano amangozungulira kumene kuli aphungu atsopano ngati ntchentche pa butchala.

"Mphwanga, ukudzizunziranji?" anatero a Matthews. "Mabilu amenewo ndi mabuku, ukuona ngati alipo amawerenga? Umasaina m'mawa kuti wabwera, umakhala pang'ono kamera ikuone, kenako umatuluka ngati ukukayankha foni. Ine ndinatha zaka zisanu choncho."

Bestone sanafunse chifukwa chimene a Matthews anathera zaka zisanu zokha.

Anayamba kutuluka nthawi ya tiyi, kenako asanamwe n'komwe tiyiyo. Malamulo ankadutsa, a za malo, a za misonkho, a za bajeti, iye osadziwa ngakhale chikuto chake. Pepala la a Chikomeni linakhala m'galimoto zaka ziwiri lisanaperekedwe. Ndipo munthu amene alibe chochita masana, satana amamupezera. A Matthews anamudziwitsa Caroline, mtsikana wogulitsa mawigi ku Lilongwe, wa zikhadabo zazitali zoti sangasende nazo mbatata. Izi zonse zikuchitika, mkazi wake Sellah ali ku Mzimba boma, akuphunzitsa ana a eni ndi kulera ake awiri.

Nkhani sizikwera basi koma zimafika. AnyaShaba anamufunsa atabwera pa Khirisimasi kuti bwanji mawu ake sakumvekanso pa wailesi. Iye anati ntchito yeniyeni imachitikira m'makomiti, kumene wailesi siifika.

"Komiti yakeyo imavala wigi?" anafunsa mayiwo. "Ine ndinakubala, Bestone. Ukamanama khutu lako limagwedera. Siya mkazi wa anthuyo, bwerera pampando."

Bestone anaseka, nawapatsa chitenje chatsopano. Chitenjecho sanachivale.

Nyumba ya Malamulo imeneyo inatalika, inafika zaka zisanu ndi chimodzi, ngati Mulungu akumuonjezera nthawi yolapa. Pa msonkhano wa chaka chomaliza, mvula ili pakati, Bestone anaimbira bambo ake Lolemba kuti funso la mlatho lituluka Lachitatu. Anauzanso a Chikomeni, abusa, ngakhale ine amene. Anati tonse titchere khutu.

Lachiwiri masana Caroline anati akufuna kukapuma ku loji ina ku Mponela. Bestone anakanako pang'ono. A Matthews anayang'ana pepala la ndondomeko ya Lachitatu n'kuseka.

"Lako ndi la nambala 14. Kuyambira liti anafikako ku 14? Akafika pa 6 nthawi yatha. Pita ukapume, mphwanga, lako ndi la sabata ya mawa."

Lachitatu tinasonkhana m'kalasi ya pasukulu. Anthu a tsidya anawoloka madzi ali m'chiuno, ena zovala zili pamutu. A Feston anavala jekete la pa Mgonero. Wailesi anaiika pa tebulo la aphunzitsi, a Chikomeni ali pambali kutimasulira. Tsiku limenelo nduna zinabwera zonse ndipo zinkayankha mwachidule. Funso lachisanu ndi chimodzi linadutsa, lakhumi linadutsa. Kenako tinamva dzina la dera lathu.

Amayi anayamba kululutira, a Chikomeni anakweza dzanja kuti tikhale chete. Wailesi inangoti zii. Sipikala anaitananso. Tinamva wina akutsokomola, wina akuseka chapansipansi. Anaitana kachitatu, kenako anatchula nambala 15, ya anthu ena a kum'mwera ofuna mjigo.

A Chikomeni sanamasulire. Panalibe chomasulira.

A Feston anati mwina mwana wadwala, tipemphere. Tinapempheradi. Tikuti ameni, Marjory, mkazi wa wapolisi wina wochokera ku Dedza, anandikodola n'kundionetsa foni. Caroline anali ataika chithunzi pa WhatsApp masana omwewo: Bestone wathu ali pa kabudula m'mbali mwa dziwe losambira, ntchafu ya nkhuku ili m'manja. Ine sindinauze munthu. Ndinangopatsira foniyo amene anali pafupi nane, iyenso anachita chimodzimodzi. Inakafika kwa a Feston. Anayang'ana, anabweza mwaulemu, anavula jekete n'kulipinda pamkono, ulendo wa kunyumba.

Bestone anayesa kuti funsolo libwererenso, koma mzere unali wautali ndipo masiku anali atatha. Mwezi wa Julaye Nyumba inathetsedwa, mafunso onse otsala anafa nayo. Sellah anali atatenga kale ana kupita kwa makolo ake ku Euthini.

Bestone manyazi analibe, anaimanso pa chisankho. Pa msonkhano wa kampeni pabwalo la sukulu yomwe ija analankhula bwino kwambiri, za adani omuchitira nsanje, za misewu, za achinyamata. Atamaliza, bambo ake anaimirira pakati pa anthu ndi ndodo yawo.

"Olemekezeka," anatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "ku Lilongwe sitinalimve funso lathu. Tafunsani pano, tingomvako mmene likanamvekera."

Bestone anatsegula pakamwa. Anatchula mlatho, anatchula Kabwanda, n'kuima. Sankadziwa kuti funsolo linkanena midzi ingati, kapena amayi angati amene anachirira m'mbali mwa madzi, pamene a Chikomeni anali atalemba zonsezo. Zaka zisanu ndi chimodzi, tsamba limodzi, osaliwerenga. Anthu sanamukuwize. Ananyamula mipando yawo n'kumapita.

Pa chisankho anakhala wachisanu mwa anthu asanu ndi mmodzi. Caroline anasintha nambala sabata yomweyo. A Matthews akuti akuoneka ndi phungu wina wachinyamata, akumutcha mphwanga. Galimoto inapita, nyumba ya ku Lilongwe eni ake anatenga.

Pano Bestone ali kwa makolo ake, m'kanyumba kamene ankagona ali mnyamata. Anakaonekera kwa akulu a mpingo, anavomera zonse osabisa, ndipo amakhala benchi yakumbuyo podikira kuti abwezeretsedwe. Fodya akulima, ndamuona ndi maso anga, matuza ali m'manja. Sellah akuti aganizabe. Phungu watsopano waperekanso funso la mlatho, ndipo laima kumapeto kwa mzere. Mvula yayamba, Kabwanda wadzaza.

Ana inu a sukulu ndi achinyamata a mumpingo, ulesi si tchimo laling'ono. Umayamba ndi kutuluka nthawi ya tiyi, umaitana chigololo ndi bodza, ndipo amene amavutika nawo ndi anthu osalakwa. Ngati anthu akukhulupirirani n'kukupatsani malo, khalani pamalopo. Simudziwa tsiku limene dzina lanu lidzaitanidwe, ndipo saitana kanayi.