Injini Yozima Pakati pa Mtsinje

Amene anandilanda boti ndi mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, makaniko wa pa doko, ndipo anachita zimenezi m'dzinja la chaka chimene madzi anakokolola msika wakumunsi. Ndikumutchula poyambirira kuti wina asadzanene kuti nkhalambayi imangodandaula zopanda mutu.

Ndinawolotsa anthu pamtsinje zaka makumi atatu ndi ziwiri, poyamba ndi nkhafi, kenako ndi injini. Pogula injiniyo sindinafunse munthu. Ndinasiya zikuluzikulu zimene anzanga ankazithamangira, ndinatenga yaing'ono imene amaitcha eyiti, yokhala ndi mwendo waufupi wolowa m'madzi, chifukwa mtsinje wathu uli ndi mchenga wobisala ndipo thabwa la kumbuyo kwa boti langa silinali lonyamula chilombo. Ndinkaisenza ndekha paphewa. Mafuta inkamwa ngati mwana wodwala. Kachingwe kozimitsira injini munthu akagwa ndinkakamanga padzanja nthawi zonse, anzanga n'kumandiseka kuti ndine mbuzi ya pachikhomo.

Madzulo aliwonse ndinkasakaniza petulo ndi oyilo m'thanki yanga yofiira, kukhutchumula bwinobwino, kuyeza ndi kamtengo, kenako kutsekera thanki ndi injini m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba. Makiyi anali awiri, wanga ndi wa mkazi wanga.

Usiku woyamba chinandidzutsa si phokoso lalikulu. Kunali kamvekedwe ka madzi othiridwa pang'onopang'ono m'chinthu chopapatiza kukamwa, kuthira, kusiya, kuthiranso. Mvula kunalibe. Achule anali atangoti zii onse nthawi imodzi. Galu wathu, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, sanauwe.

"Mayi, mukumva?" ndinanong'ona.

"Gonani, bambo. Ndi denga likudontha," anatero mkazi wanga osatembenuka.

"Lidonthe bwanji kulibe mvula?"

Anakokera bulangete kumutu. Kupuma kwake sikunali kwa munthu wogona.

M'mawa loko anali bwinobwino. Ndinayeza thanki ndi kamtengo, mafuta sanachepe. Ndinanunkhiza, petulo yemweyo. Injini inalira nditangokoka chingwe kamodzi, ndinakweza anthu asanu ndi anayi, tinanyamuka. Titafika pakati penipeni, pamene madzi amada ndi kuzungulira, injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Pamalo amenewo, zaka ziwiri m'mbuyomo, munthu wogulitsa nsalu anagwa m'boti langa. Anaimirira kuti agwire mtolo wake umene unkatsetsereka, n'kupita nawo limodzi. Mtolo unapezeka, iye sanapezeke. Aliyense m'botimo ankaidziwa nkhaniyo, ndipo palibe anaitchula. Ndinapalasa ndi nkhafi mpaka tsidya, anthu ali chete ngati tanyamula maliro.

Ndinachita zonse zimene munthu wa injini amachita. Ndinamasula pulagi n'kuipukuta. Ndinafinya kampira kopopera mafuta, kanali kolimba. Ndinaona kachitsekero ka mpweya pa chivundikiro cha thanki, popeza kakatsekeka injini imafa ndi ludzu mafuta alimo, koma kanali kotsegula. Paipi inalibe mng'alu. Mafutawo sindinawakayikire, chifukwa ndinawagula ndekha ndi kuwasakaniza ndi manja angawa. Potsiriza ndinanyamula injini ndi thanki kupita nazo kwa mlamu wanga.

"Alamu, kankhuku kanu kadwala chitopa?" anatero akuseka, akupukuta manja pa ovololo. "Kasiyeni, mukamwe tiyi."

Pobwerako ndinapeza ikulira mosalala mu mgolo wa madzi.

"Munapeza chiyani?"

Anatsitsa mawu. "Ndikanapeza kanthu ndikanakondwa. Kabuleta ndi woyera ngati mbale ya mlendo. Injiniyi ilibe matenda, alamu. Inazimira pati?"

Ndinamuuza. Anayang'ana kumtsinje nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Pofika madzulo doko lonse linali likunong'ona kuti wa nsalu uja akugwira mapiko a injini yanga ndi manja.

Masiku anayi inayenda bwino. Usiku wachisanu kamvekedwe kaja kanabweranso. Ndinagona chagada ndikumvetsera mdima. Kuthira, kusiya, kuthiranso. Kenako ndinamva ngati mapazi opanda nsapato akuponda matope, akulowera cha kumtsinje. Ndinafuna kudzuka, mkazi wanga anandigwira mkono mwamphamvu.

"Musatuluke. Chonde, bambo, musatuluke."

Kutacha loko anali wotseka monga ndinamusiyira. Koma m'kati, pasimenti, panali mapazi onyowa, kuchokera pakhomo kukafika pa thanki. Ndinaima pamenepo mpaka anauma ndikuwaona. Tsiku limenelo injini inazimanso pamalo omwe aja. Mayi wina wogulitsa tomato anayamba kupemphera mokweza, bambo wina n'kundifunsa pamaso pa anthu onse kuti, "Madala, kodi munthu uja anagwa yekha?"

Kuyambira pamenepo anthu ankadutsa boti langa n'kukaima pamzere wa ena, ngakhale mzerewo utalike chotani. Ana anayamba kunditcha Woperekeza. Wapampando wa doko anandiitana n'kundiuza kuti ikadzazimanso kachitatu ndili ndi anthu, malo anga apereka kwa wina. Mlamu wanga anaikonzanso, ndipo pondipatsa anati, "Mwakula, alamu. Zinazi sizifuna sipanala."

Ndinaganiza zogona m'kanyumba momwemo. Sindinauze munthu kupatula mkazi wanga, amene anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Ndinasakaniza mafuta atsopano, ndinatseka chivundikiro ndi dzanja langa, ndinadzitsekera m'kati ndi mpiringidzo wachitsulo, n'kukhala pa thumba la maukonde akale, tochi kudzanja lamanzere, chikwanje kudzanja lamanja.

Mdima wa m'kanyumba ka malata ndi wolemera. Umanunkha petulo ndi dzimbiri. Kunja mtsinje unali utadzaza, ukulira pansipansi ngati galimoto yakutali imene sifika. Ndinamva tambala wosokonezeka akulira nthawi isanakwane. Ndinamva khoswe akuyenda pamtanda. Sindinagone, ndipo aliyense wonena kuti ndinasinza ndi wabodza.

Achule anasiya kulira. Kuzizira kunalowa, kwa pansi, kokwera m'miyendo ngati munthu waima m'madzi. Ndiye pafupi ndi bondo langa, pamene panali thanki, madzi anayamba kuthiridwa. Kuthira, kusiya, kuthiranso. Pamwamba pa fungo la petulo panabwera fungo lina, la nsalu yonyowa imene yakhalitsa osayanikidwa.

Chala changa chinakana kukanikiza tochi. Pamene chinalola, kuwala kunagwera pa thanki yotseka, pa mpiringidzo uli m'malo mwake, pa makoma anayi opanda munthu. Simenti yokha inali yonyowa, kuzungulira thanki ndi kuzungulira mapazi anga.

Munthu wanzeru akanakhala kunyumba tsiku limenelo. Koma linali tsiku la msika, maboti ena anali atadzaza, ndipo anthu khumi ndi awiri anakwera langa chifukwa chosowa pogwira. Ndinadziuza kuti chivundikiro ndachipeza chotseka, mafuta ndi atsopano, palibe dzanja lawakhudza. Injini inazima pamalo omwe aja. Madzi anali amphamvu kuposa nkhafi yanga. Anatitembenuza n'kutitengera kumiyala yakumunsi, azimayi akukuwa, matumba a chimanga akuponyedwa m'madzi kuti boti lipepuke. Tinakakodwa m'mabango. Palibe anafa, koma mtsikana wina anathyoka mkono, ndipo wapampando anandilanda malo osadikira kuti ndiume.

Madzulo ake mlamu wanga anabwera kunyumba atavala nkhope yachisoni.

"Palibe angagule boti ndi injini za mbiri yotere," anatero. "Koma inu ndi ife ndi amodzi. Ndizitenga ine, zingowola pakhomo panga. Ndikusiyirani njinga yangayi kuti muziyendera."

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinazisinthanitsa ndi njinga yopanda mabuleki akumbuyo. Sabata isanathe boti linapakidwa penti wina, thanki inagulidwa yatsopano, ndipo malo anga pa doko anaperekedwa kwa iye. Injini yanga inkawoloka kasanu ndi kamodzi patsiku osatsokomola. Anthu anati wa nsalu ankafuna ine, osati boti.

Thanki yofiira anaisiya, ati inali yatsoka. Inakhala pakona mwezi wathunthu ndisanaikhudze. Tsiku lina ndinafuna petulo wotsukira tcheni cha njinga ija, ndinapendeketsa thankiyo n'kukhuthulira zonse m'botolo lagalasi. Nditaliika pawindo ndinaona zinthu ziwiri zosasakanikirana. Pamwamba panali petulo. Pansi panali madzi a mtsinje, okwana kapu, ndi timatope tikuyandama.

Ndinakhala pansi. Madzi amamira pansi pa petulo, ndipo paipi imayamwa kuchokera pansi. Injini imanyamuka ndi mafuta otsalira mu paipi ndi mu kabuleta, ndipo amenewo amatha munthu akafika pakati pa mtsinje. Mwana wophunzira umakaniko mwezi umodzi amazidziwa. Ine ndinayeza ndi kamtengo, ndinanunkhiza pamwamba, koma sindinayang'anepo pansi. Ndipo kawiri konse ndinanyamula thankiyo kukaipereka kwa munthu amene ankataya madziwo ine ndikumwa tiyi.

Usiku umenewo ndinaika botolo patebulo, pakati pa ine ndi mkazi wanga, pafupi ndi nyali.

"Mayi, kiyi wanu ankagona kuti?"

Analiyang'ana botololo nthawi yaitali. Polankhula, mawu ake anali apansi kwambiri moti ndinachita kuwerama.

"Maso anu atha, bambo. Chaka chatha munagunda chitsa masana, dzuwa lili pamutu. Ndinakuuzani kuti musiye, munanditcha wamantha. Achimwene anati akungokuopsezani pang'ono kuti mupume. Anati boti adzagulitsa n'kutipatsa zonse."

"Ndiye munandigulitsa ndi njinga."

"Ndinkafuna mudzafere pabedi, ndikuikeni m'manda ndi manja anga. Mkazi wa wa nsalu uja anaika chiyani?"

"Mtsikana wathyoka mkono. Anthu khumi ndi awiri akanathera pamiyala. Zimenezo ndiye kuopseza pang'ono?"

Apa anadzutsa mutu, ndipo nkhope yake sindidzaiiwala.

"Kiyi ndinawapatsa kawiri kokha. Usiku umene munagona m'kanyumba ndinapita ndekha kukawauza kuti asabwere, muli m'kati ndi chikwanje. Sanabwere. Kiyi anagona m'lamba mwanga. M'mawa mwake atamva kuti yazimanso, anabwera kuno kudzandifunsa ngati ndinathira ine."

"Munathira?"

"Ndikanalowa bwanji, inu mutapiringidza m'kati?"

Tinakhala choncho mpaka nyali inatha mafuta. Kunja achule ankalira, ndipo tonse awiri tinkamvetsera ngati asiye.

Ndinapita nalo botolo kwa wapampando. Analigwedeza, n'kunena kuti madzi amalowa m'thanki iliyonse yosiyidwa pakona mwezi wathunthu, ndipo nkhani za pachibale zikathere kunyumba. Ndinapita kwa mlamu wanga. Anali akumangitsa injini yanga kumbuyo kwa boti langa.

"Kawiri ndinu," ndinamuuza. "Kachitatu ndani?"

Sipanala inagwa m'manja mwake n'kulowa m'madzi. Sanaitole.

"Pitani kunyumba, alamu," anatero, osandiyang'ana. "Mwakalamba."

Mkazi wanga sindinamuthamangitse. Timadya m'nyumba imodzi, timalankhula za nkhuku ndi za mvula. Kanyumba ka malata ndinakagwetsa, malatawo ndinafolera khola.

Mlamu wanga anawolotsa anthu miyezi isanu ndi iwiri. Anthu ankati anayamba kugona ndi thanki kuchipinda, ndipo m'mawa uliwonse ankathira mafuta pang'ono m'botolo n'kuwayang'ana padzuwa asananyamuke. Lachitatu lina mbandakucha anapita yekha kutsidya kukatenga anthu a msika. Kutayera, a pa doko anaona boti likuzungulira pakati pa mtsinje, injini ikulira bwinobwino, mulibe munthu. Linazungulira mpaka mafuta anatha. Iye anamupeza tsiku lachinayi, m'mabango akumunsi.