Kabotolo ka Mafuta a Kadontho

Anakumana pa makina oyezera zinthu mu labu. Mtsikanayo anzake ankamutcha Kadontho, poti tsiku lonse ankangokhalira kudontheza timadzi m'timabotolo. Mnyamatayo ndiye ankayendetsa makinawo, ndipo pakamwa pake panali pothyathyalika zedi.

"Mukufufuza chiyani achemwali, mpaka kuiwala kumwetulira?"

"Enzayimu, kanthu kofulumizitsa ntchito m'maselo oteteza thupi ku matenda," anayankha Kadontho. "Imakhala phee ngati yagona. Koma ikangomatirira pa mafuta ena ake a pakhungu la selo, imadzuka n'kuyamba ntchito. Ndikufuna kutsimikiza kuti mafutawo ndi ati."

"Basi, mlonda wa mafuta anuwo mwamupeza. Ndine!"

Kadontho anaseka, osadziwa kuti akudziputira misozi.

Posakhalitsa foni yake inasowa mpumulo. "Wadya, mtima wanga?" "Duwa langa usatope, ndili nawe mpaka digiri ituluke." Ndani sakanakopeka? Chikondi chitamulowerera, Kadontho anapatsa mnyamatayo kiyi wa firiji momwe ankasungamo kabotolo ka mafuta amene ankaganiza kuti ndiwo amadzutsa enzayimuyo. Kanali kamodzi kokha, kovuta kupeza, ndipo digiri yake yonse inkadalira komweko.

Itafika nthawi yoyesa komaliza, enzayimu inakana kudzuka. Anabwereza, koma zii! Anasintha maselo, anatsuka zida, ayi ndithu. Aphunzitsi ake, a Pulofesa, anayamba kupukusa mutu.

"Mwina ganizo lako ndi lolakwika, wokondedwa," anatero wa makina uja akumusisita paphewa. "Ingozisiya."

"Kusiya? Ine? Sunandidziwe."

Anatapa pang'ono za m'kabotolo kaja n'kuziyeza yekha. Mayo ine! Mafuta munalibe. Wina anawapopa n'kuthiramo mankhwala osungunulira okhaokha kuti kazioneka kodzaza.

Asanapume n'komwe, analowa mtsikana wa labu yoyandikana nayo, amene ankafufuza enzayimu yomweyo, nkhope ili waliwali.

"Asisi, yanga yadzuka! Chibwenzi changa, wa makina uja, anandipezera mafuta enieni. Koma ndiye amandikonda!"

Apa Kadontho anazindikira zonse. Zinamuwawa koopsa. Anakadzitsekera kubafa n'kulira mpaka maso kutupa. Kenaka anasukusula, anavalanso jasi lake loyera n'kulunjika ku makina.

"Kiyi wanga."

"Mtima wanga, tandimvetsera. Ndinangobwerekako, ndimati ndibweza..."

"Kuba waba, kunyenga wanyenga. Koma iwe kundiyang'ana m'maso n'kundiuza kuti mutu wanga ndiye wolakwika? Ndinatsala pang'ono kukukhulupirira! Bweretsa kuno."

Mnyamatayo anapereka kiyi uja. Kadontho sanacheuke. Anakagogoda ku ofesi ya a Pulofesa, kabotolo kali m'manja, ndipo anafotokoza zonse popanda kubisa ngakhale kupusa kwake.

"Pepa mwanawe," anatero a Pulofesa. "Upume kaye masiku angapo?"

"Ayi bwana. Ganizo langa silinalakwike. Mafuta anga adzutsa enzayimu, kungoti akaidzutsira mu labu ya eni. Itanitsani ena, ine mawa ndikuyambiranso."