Mzere Umene Anaiwala Kufufuta

Anakumana pasiteji ya basi, mvula ikukhuthuka. Mnyamata wometa anthu tsitsi anali ndi ambulera, mtsikana wosoka zovala analibe.

"Tengani, mu-mu-munyowa," anatero Wometa, nkhope ikutentha. Chibwibwi chinali mdani wake chibadwire.

Mtsikanayo anaseka, koma nambala yake ya foni anapereka. "Ambulerayi ndidzabweza tsiku lodzasiyana," anatero patapita masiku.

Pafoni Wometa anali munthu wina. Anali atapeza makina aja oyankha ngati munthu. Kwa makinawo analibe manyazi, poti sankamuseka kapena kumumalizira mawu. Iye ankangolamula kuti, "Ndilembereni mawu okoma," n'kukopera, n'kutumiza.

"Duwa langa, singano yako yasoka mtima wanga ku wako. Sindidzalola kuti ulire wekha."

"Iwe wokondedwa, mawuwa umawatenga kuti?"

"Mumtima," ankanama.

M'mawa wina akumeta kasitomala, uthenga wa mtsikana uja unalowa: "Amayi atisiya. Ndilankhule, chonde."

Anene chiyani? Anathamangira kumakina kuja, n'kukopera, n'kutumiza osawerenga.

Kenako anayang'anitsitsa. Pamwamba pa uthengawo panali mzere uwu: "Nawa mawu amene mungatumize kwa bwenzi lanu loferedwa. Mukafuna aatali, ndiuzeni."

Mayo! Afufute? Unali utawerengedwa kale.

"Achimwene, mundisiya ngati nkhuku yososola theka?" kasitomala anakuwa. Wometa anatuluka osacheuka.

Anamupeza mtsikanayo kuseri kwa nyumba ya maliro, maso ali psuu.

"Ndiye miyezi yonseyi ndimagona nditakumbatira foni, ndikukonda chitsulo?"

"Ndi-ndimaopa kuti undi-undiseka."

"Ndinakuseka kamodzi, pasiteji paja, ndipo ndinakukonda pomwepo. 'Munyowa' uja anali wako. Zinazi n'zandani? Ngakhale amayi anga wawalira ndi misozi yobwereka!"

Wometa anazyolika. Anafuna nthaka ing'ambike alowe.

"Pe-pe-pe..." Liwu linakakamira pakhosi.

Mtsikanayo anadikira. Sanaseke, sanamumalizirenso.

"Pepa," linatuluka pomaliza.

"Waona? Ndikanadikira chonchi tsiku lililonse," anatero akupukuta misozi. "Kaliwu kamodzi komweka kakanandikwanira m'mawa muja."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ambulera ija. Anamupatsa ndi manja awiri, monga amachitira kwa mlendo.

Pobwerera mvula inayamba. Wometa anayenda nayo ambulerayo m'khwapa, osaitsegula.