Ndani Asonkhezere Moto Loweruka?

Esnat ankakhala pa pulazi ya fodya, kufupi ndi tauni ya Banket. Nyumba yawo inali m'komboni, pafupi ndi mpope wa madzi.

Esnat ankafuna kuona Harare. Anali asanapiteko. Ankangomva kwa anzake. Akuti kuli nyumba zitalizitali. Akuti kuli masitepe oyenda okha. Oyenda okha, abale!

Loweruka linali tsiku lake lobadwa. Ankakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Ababa ake, a Lazalo, anali atalonjeza kale.

"Loweruka tipita ku Harare," anatero Ababa. "Iwe, Amayi ako ndi ine."

"Tonse atatu?" anafunsa Esnat.

"Tonse atatu."

Lolemba Esnat ndi Amayi anakhala pakhonde. Anayamba kukonza ulendo.

"Tinyamula chiyani?" anafunsa Amayi.

"Mazira owiritsa!" anatero Esnat. "Ndi mbatata. Ndi botolo la madzi."

"Nanga mvula ikagwa?"

"Ambulera!"

"Nanga ukasochera?"

Amayi anaseka. Analemba nambala ya foni pa kapepala. Anakaika m'thumba la diresi lachikasu la Esnat.

"Ukasochera, uime pomwepo," anatero Amayi. "Uonetse kapepalaka kwa munthu wamkulu."

Lachiwiri Ababa anabwera mochedwa. Sanaimbe likhweru ngati masiku onse. Anakhala pa mpando mwakachetechete.

"Esnat, tabwera kuno," anatero Ababa. "Fodya wakhwima msanga. Lero tadzaza balani."

Balani ndi nyumba yaitali ya njerwa. M'menemo amaumitsiramo fodya. Kunja kwake kuli ng'anjo ya moto. Motowo suyenera kuzima. Umayaka masiku asanu ndi awiri. Masana ankausamala Ababa. Usiku ankausamala a Godfrey, anzawo a pantchito.

Esnat anawerenga zala. Lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi. Lachisanu. Loweruka.

Mayo ine! Loweruka moto udzakhala ukuyakabe.

"Upita ndi Amayi ako," anatero Ababa. "Ukandiuza zonse pobwera."

"Ayi," anatero Esnat. "Munati tonse atatu."

Ababa anangomusisita kumutu. Mtima wa Esnat unawawa kwambiri. Analira mpaka mphuno inafiira.

Lachitatu Esnat anaweruka kusukulu. Amayi anamutuma ku balani. Anapita ndi botolo la mahewu a Ababa.

Esnat anakhala pa njerwa. Anayang'ana Ababa akugwira ntchito. Ababa anaika chikuni chimodzi pamoto. Anadikira. Anadikiranso. Kenako anaika chikuni china chimodzi.

"Ha!" anatero Esnat chamumtima. "N'chifukwa chake sachoka pano. Akuika chimodzi chimodzi!"

Esnat anaganiza. Nkhuni zambiri, moto wambiri. Moto wambiri uyaka wokha tsiku lonse. Ndiye Ababa apita ku Harare!

Koma Esnat, mwana iwe!

Ababa analowa m'balani kukaona masamba. Esnat anadzuka msangamsanga. Anakoka chikuni chimodzi. Anachikankhira pamoto. Anakoka chachiwiri. Anachikankhira pamoto. Anakoka chachitatu. Moto unati lawilawi!

"Esnat! Leka!"

Ababa anabwera chothamanga. Anamunyamula. Anamuika kutali ndi ng'anjo. Anatenga chitsulo chachitali. Anatulutsa nkhuni zija, chimodzi, ziwiri, zitatu. Anazithira dothi.

Esnat ankadikira kukalipiridwa. Koma Ababa anagwada. Anamuyang'ana manja. Anamuyang'ana mapazi. Kenako anamukumbatira. Mtima wa Ababa unkagunda, gu, gu, gu.

"Wandiopsa, mwanawe," anatero Ababa. "Ukanapsa. Usadzayandikirenso ng'anjo."

"Pepani, Ababa," anatero Esnat. "Ndimafuna moto uziyaka wokha. Ndimafuna mupite nafe."

Ababa anapumira m'mwamba. Anabweretsa masamba awiri. Lina linali lachikasu ngati nthochi yakupsa. Lina linali lakuda bii.

"Taona," anatero Ababa. "Moto ukachuluka, masamba amada chonchi. Balani yonse ikhoza kuyaka. Moto ukachepa, masamba amaola. Motowu sufuna nkhuni zambiri. Umafuna munthu wouyang'ana."

"A Godfrey sangauyang'ane?"

"A Godfrey amagona masana. Amakhala atatopa."

"Palibenso wina?"

"Ena onse ali kumunda. Akuthyola fodya."

Esnat anayang'ana pansi. Kenako anafunsanso.

"Nanga inu anakuphunzitsani ndani?"

"Sekuru Christmas, agogo aja," anatero Ababa. "Amenewo ndi katswiri. Amadziwa kutentha ndi tsaya lokha. Koma anakalamba. Anapuma ntchito kalekale. Sindingawavutitse."

Esnat anatenga botolo lija. Anabwerera kunyumba akuganiza.

Lachinayi Esnat anapempha Amayi. "Ndipiteko kwa Sekuru Christmas?"

"Pita," anatero Amayi. "Koma ukagwade bwinobwino."

Sekuru Christmas ankakhala kumapeto kwa komboni. Ankakhala okha. Esnat anawapeza pansi pa mtengo wa gwafa. Ankasenda mtedza.

"Odi!" anatero Esnat. Anagwada n'kupereka moni wa masana. "Masikati, Sekuru."

"Masikati, mdzukulu wanga. Kwagwanji?"

Esnat anafotokoza zonse. Anafotokoza za Loweruka. Anafotokoza za moto. Anafotokozanso za nkhuni zitatu zija, ngakhale anachita manyazi.

Sekuru anaseka mpaka kutsokomola.

"Zitatu? Iwe! Abambo ako anaika zinayi tsiku lawo loyamba."

"Zoona?"

"Zoona. Ukawafunse."

Esnat anasendera pafupi.

"Sekuru, chonde. Mungasonkhezere moto Loweruka? Tsiku limodzi lokha."

"Ine?" anatero Sekuru. "Maso angawa anatha."

"Ababa akuti simufuna maso. Akuti mumamva ndi tsaya."

"Anatero Lazalo?" Sekuru anagwira tsaya lawo. Anamwetulira pang'ono.

Kenako anayang'ana mtedza uja nthawi yaitali.

"Ku Harare kuli mwana wanga," anatero Sekuru. "Dzina lake ndi Jesinta. Amagulitsa tomato ku msika wa Mbare. Patha chaka ndisanamuone. Kukwera kombi, minibasi ija, kumandipweteka msana. Ndamusowa kwambiri."

Esnat anawamvera chisoni. Ankadziwa kuwawa kwake. Iyenso sankafuna kusiyana ndi Ababa, ngakhale tsiku limodzi.

"Sekuru, ife tikawaona a Jesinta," anatero Esnat. "Tikawajambula pa foni ya Amayi. Tibwera kudzakuonetsani."

"Mukamuona?"

"Tikawaona. Tiyambira komweko."

Sekuru anapukuta m'maso. Anathira mtedza wonse m'kathumba. Anakamanga bwinobwino.

"Ukamupatse uwu," anatero Sekuru. "Amaukonda kuyambira ali ngati iwe. Tsopano ndipatse ndodo yanga. Tiye kwa abambo ako."

Anayenda pang'onopang'ono mpaka ku balani. Ababa anadabwa. Anavula chipewa.

"Sekuru, mwadzivutiranji?"

"Wandituma ndi bwana uyu," anatero Sekuru, akuloza Esnat. "Loweruka motowu ndi wanga."

Sekuru analowa m'balani. Anatseka maso. Anapendeketsa mutu.

"Watentha pang'ono," anatero. "Tsegula kazenera kam'mwamba."

Ababa anakaona kachipangizo koyezera kutentha. Sekuru ananena zoona! Ababa anaseka. Anatsegula kazenera kaja.

Madzulo Ababa ndi Sekuru anapita kwa a folomani, oyang'anira ntchito. A folomani sanavute.

"A Christmas pa balani?" anatero. "Fodya ameneyo ali ndi mwayi. Pita, Lazalo."

Lachisanu kunali pikitipikiti. Amayi anawiritsa mazira. Anaphika mbatata. Esnat anachapa nsapato zake. Anachapanso za Ababa. Anaika kathumba ka mtedza pamwamba penipeni pa chikwama. Anakayang'ana kasanu.

Loweruka linafika. Dzuwa linali litangotuluka. Anadutsa pa balani. Sekuru anali atakhala kale pa mpando. Amayi anawasiyira tiyi ndi mbatata ziwiri.

"Muyende bwino!" anatero Sekuru.

"Mutsale bwino, Sekuru! Chimodzi chimodzi!" anafuula Esnat.

"Iwe! Undiphunzitsa ine?"

Onse anaseka.

Anayenda mpaka ku msewu wa tala. Kombi inabwera. Hwindi, woitanira anthu, anatulutsa mutu pawindo.

"Harare! Harare! Muli angati?"

"Atatu!" anayankha Esnat mokweza.

Anakwera. Esnat anakhala pakati. Amayi mbali iyi, Ababa mbali iyo. Amayi anamugulira maputi, chimanga chokazinga.

Kombi inanyamuka. Anadutsa minda ya fodya. Anadutsa minda ya chimanga. Anadutsa ng'ombe zambirimbiri.

"Ababa, taonani ng'ombe!" anatero Esnat.

Ababa anali atagona. Mutu unali pawindo. Kukamwa kunali yasa.

"Ndiwadzutse?" ananong'ona Esnat.

"Asiye," anatero Amayi. "Sabata yonse sanapume."

Esnat anakhala phee. Sanagwedezeke. Ankadya maputi pang'onopang'ono kuti asachite phokoso. Anawasungirako Ababa m'dzanja.

Patapita nthawi, magalimoto anachuluka. Anthu anachuluka. Kutsogolo kunaoneka nyumba. Zinali zazitali, zazitali, zazitali!

Apa Esnat analephera kupirira. Anawagwedeza paphewa.

"Ababa, dzukani! Dzukani! Tafika!"

Ababa anatsegula maso. Anayang'ana pawindo. Kenako anayang'ana Esnat. Anamunyamula. Anamuika pamiyendo pawo kuti aone bwino.

"Mukuona, Ababa?"

"Ndikuona, mwanawe," anatero Ababa. "Ine ndinali nditataya kale mtima. Lero wandibweretsa kuno ndiwe. Zikomo, Esnat wanga."