Kabowo Kopumira

Tsiku lomaliza kuwaona ali moyo, achemwali ake anali mu labu ya pakoleji, akuviika tindodo tiwiri ta mawaya m'madzi a pachitsime.

"Awa ndi maelekitirodi, mbuli iwe," anatero akuseka. "M'madzimu muli michere yambirimbiri, koma kakudaka kamamva umodzi wokha, fuloraidi, uja amadetsa ana mano. Ngati mayi womva kulira kwa mwana wake pakati pa msika. Kagalasika n'kothandizira."

Patangotha sabata anawaika m'manda. Mlongo wawoyo sukulu anaisiyira pomwepo, n'kuyamba kutsuka mabotolo mu labu yomweyo. Onse ankangomutcha Wotsuka.

Kafukufuku wa achemwaliwo anatsala ndi zitsime zisanu. Adokotala oyang'anira labu anamulola kuti ayese kumaliza, koma manambala pa makina ankangokwera n'kutsika ngati woledzera.

"Akapanda kukhazikika pofika mawa, fayiloyi tikutseka," anamuuza.

Usiku umenewo anatuluka mu labu cha m'ma leveni, atalephera. Zaka zitatu za thukuta la achemwali zinali kupita m'kabati. Anadutsa mashopu otseka, n'kutsetserekera ku mlatho.

Achule anangoti zii.

Pakati pa mlatho panaima munthu. Mkulu wamtali, wovala khoti loyera lobookabooka ndi asidi. Mphepo inkawomba, koma khotilo... silinkagwedezeka.

Wotsuka anaima.

"Ndinu mlongo wake wa mtsikana wa fuloraidi uja?" anafunsa mkuluyo.

Wotsuka anagwedeza mutu kuvomera.

"Wandituma. Akuti mbuliyo yatseka kagalasi mphuno. Chinthu chosapuma chingathandize chinzake kumva?"

"A... achemwali anamwalira, bambo."

"Ndiye?" Mkuluyo anamwetulira. "Manja abwino aja. Ndinamuphunzitsa ndine kugwira botolo."

Wotsuka anaphethira kamodzi. Pamlatho panalibe munthu! Fungo lokha la mankhwala a mu labu.

Anathamanga. Osati kunyumba. Mlonda wa pa labu atamutsegulira, anatenga kandodo kagalasi kaja n'kukayang'ana pa getsi. M'mbali mwake munali kabowo kothirirapo madzi amchere, kotsekedwa ndi kamphira. Anakatseka yekha tsiku la maliro litadutsa, poopa fumbi, ndipo sanakatsegulenso.

Anachotsa kamphirako. Anaviika tindodo tija.

Manambala anatsika... anatsika... anaima.

Anaima nji!

Wotsuka anagwada pa simenti. Pakati pa michere yonse ija, kandodo kakuda kanamva umodzi wake. Kutacha, zitsime zonse zisanu zinali m'buku, ziwiri zitaonetsa fuloraidi woposa muyezo.

Adokotala anawerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Za kabowoka wakuuza ndani? Ine ndemwe sizinandibwerere."

"Mkulu wina wamtali, wa khoti lobooka. Akuti anaphunzitsa achemwali."

Adokotala anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatsegula fayilo ija tsamba loyamba, limene Wotsuka ankalidumpha nthawi zonse chifukwa cholephera kupirira kuona kalembedwe ka achemwali ake. Panamatidwa chithunzi. Mkulu yemwe uja, khoti lomwe lija, kumwetulira komwe kuja.

Pansi pake achemwali analemba kuti: "Kwa Atekinishani osamalira zida za mu labu, amene anandiphunzitsa ndili m'chaka choyamba kuti chida chimafunika kupuma."

Ndipo mzere wotsatira: "Anamwalira pa 9 Ogasiti 2016."