Mzere wa Yosefe

Gabrieli Tembo atakwatira Dolika mu 1941, anthu a ku Kasenengwa ankati banja ndi limeneli. Popita kutchalitchi mwana wawo Elesi ankanyamula ndi Gabrieli, anzake n'kumamuseka kuti anadyetsedwa. Iye analibe nazo ntchito.

Zinthu zinayamba kuvunda mu 1947, boma la ku Fort Jameson litalengeza kuti alimi asankhe munthu wokawalankhulira kukhonsolo. Lamulo linali lakuti dandaulo lililonse lizilowa kudzera mwa wosankhidwayo, eni ake atadindapo zala, ndipo khonsoloyo inkakhala kamodzi pachaka. Gabrieli anaimira. Anaimiranso Yosefe Jere, mphunzitsi.

Tsono amayi ake a Dolika, pamodzi ndi amayi ena amasiye, anali atalandidwa minda ndi esiteti ina ya fodya. Dolika atapempha mwamuna wake kuti akadzapambana akainene nkhaniyi, Gabrieli anati khonsolo si malo okambirako timinda ta akazi. Yosefe ndiye anavomera. Dolika anayamba kuzemba masana, kukasonkhanitsa amayiwo kuseri kwa sukulu kuti adinde papepala la Yosefe.

Pakamwa pa anthu, abale anga, pamanunkha kuposa dzala. Rozi, mlongo wake wa Gabrieli, anaona Dolika ndi Yosefe ataweramira pepala limodzi. Pofika nayo nkhani kwa mlongo wakeyo, pepala lija linali litasanduka mphasa.

Gabrieli anagwira dzanja la mkazi wake. “Inki iyi waitenga kuti?”

“Ndi ya munda wa amayi, bambo a Elesi. Paja inu munakana.”

“Munda umenewo umalimidwa kuseri kwa sukulu?”

Choonadi anauzidwa ndithu, koma munthu wansanje amasankha yekha zoti amve.

Masiku amenewo munthu ankavota poima kumbuyo kwa yemwe akumufuna, kalaliki wa boma n'kumaitana mayina a m'kaundula ndi kuwerenga mitu. Mizere inafanana, 63 uku, 63 uko. Dzina lotsala linali la Dolika. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ananso amayi ake, kenako anakaima kumzere wa Yosefe. Wina anaseka mokweza, nati munthu wokanidwa ndi mkazi wake yemwe angalankhulire ndani? Gabrieli anamva ngati amuvula pamsika.

M'mawa mwake Yosefe anakwera njinga kukapereka dandaulo kuboma. Gabrieli anamudikirira pamlatho ndi chibonga. Anamumenya katatu, munthu wopanda ngakhale kamtengo m'manja, mpaka anafera pomwepo. Zonyansa! Ati kumeneko n'kutsuka manyazi.

Kukhoti anatambasula pepala lija, lili ndi magazi, zala 41 zili mbwee. Amayi amasiye anaimirira mmodzimmodzi kunena zimene ankachita kuseri kwa sukulu. Rozi atafunsidwa chimene anaona ndi maso ake, anati pepala basi. Woweruza analamula kuti Gabrieli anyongedwe.

Dolika anakamuona kundende kamodzi kokha. Gabrieli, mutu uli pansi, anafunsa chifukwa chake anamuchititsa manyazi pagulu.

“Mukanangoti inde, bambo a Elesi, mzere unali wanu.”

Nsanje ndi yopusa chonchi: imapha wosalakwa, n'kulanga ngakhale amene sanali m'nkhanimo. Chaka chimenecho khonsolo inakhala popanda woimira Kasenengwa, dandaulo la amasiye lili m'kabati ya khoti ngati umboni. M'munda mwa amayi a Dolika anawokeramonso fodya.